Zoyera za Agogo

Chimene chinandidzutsa tsiku loika maliro a agogo ndi mpiringidzo wa chitseko chakumbuyo. Ndi kachitsulo kakale, kamayamba ndi kukwekwesa kenako n'kugunda. Ndinakula ndikukamva usiku uliwonse, kangapo kusanache, mpaka ndinasiya kukamva, monga mmene munthu wokhala pafupi ndi njanji amasiyira kumva sitima. Koma m'mawa umenewo ndinadzambatuka, ndipo ndisanatsegule n'komwe maso ndinali nditayamba kale kudikira masilipasi awo kuti akwakwaze kulowera kuchimbudzi. Anali mayi wina wa pamaliro amene ankatuluka kukatunga madzi.

Ndinali nditagona pampando wobwereka panja, mutu nditatsamira kukhoma, monga amuna onse anachitira. Kunali kukadali mdima, ndipo mphepo ya Julaye inkalowa ngakhale m'majekete. Chipika chimene anthu anabweretsa pa wilibala tsiku loyamba la maliro chinali chitatsala pang'ono kutha. Amuna anachizungulira, ena atafunda zitenje za akazi awo kumutu, ena akuwodzera manja ali m'khwapa. Mkulu wina amene sindinkamudziwa ankakankhira makala pakati ndi nsonga ya nsapato yake ya kutchalitchi. M'nyumba, mmene tinachotsa mipando yonse n'kukaika kwa oyandikana nawo, amayi anali ataimba usiku wonse, ndipo tsopano panatsala mawu ochepa, otsika, ongoti nyimbo isafe.

Agogo ndi amene anandilera. Amayi ndi abambo anamwalira motsatizana ndisanayambe sukulu, ndipo chimene ndimadziwa cha iwo ndi zithunzi basi. Nyumba ya ku Kabwata, ya zipinda ziwiri ndi chimbudzi cha khomo lakunja, ndiyo kwathu kokha kumene ndikudziwa. Agogo anachoka ku Katete ali mtsikana, anagwira ntchito yochapa ndi kusita m'nyumba za anthu olemera ku Kabulonga, kenako anagulitsa nyemba ndi mtedza ku City Market mpaka miyendo itakana. Ankanditchula kuti amuna anga, monga agogo a kwathu amatchulira adzukulu awo aamuna. Ndikachedwa kuweruka ndinkawapeza ataima pakhomo. "Amuna anga, mwapeza wina wamng'ono kutauni eti?" Anamwalira Lamlungu m'mawa ndi sitiroko, mwadzidzidzi, tsache lili m'manja.

Pa moyo wawo wonse, zinthu zimene anandilumbiritsa zinali ziwiri. Choyamba, kuti akadzamwalira adzavekedwe zoyera zawo, yunifomu ya bungwe la amayi a mumpingo: bulauzi yoyera, duku loyera ndi siketi yakuda. Chachiwiri, kuti ndisadzauze munthu aliyense za matenda awo. Sindinaganizepo kuti ziwirizi zingadzalimbane, mpaka madzulo omaliza a kuchezera, pamene amalume a ku Chelstone, mwana wa agogo yekhayo amene anatsala, anandiitanira kuseri kwa tenti. Anati amayi a bungwe akhala pansi ndipo agwirizana. Adzabwera, adzaimba, adzathandiza pa zonse, koma adzavala zitenje. Agogo nawo sadzavekedwa yunifomu, chifukwa papita zaka zambiri asakuoneka ku misonkhano, ndipo lamulo limati wotero anadzichotsa yekha. Amalume anandigwira paphewa. "Zisiye, mphwanga. Nsalu ni nsalu." Iwonso sankadziwa.

Matendawo anali a chikhodzodzo. Anayamba ine ndili ku sekondale. Chikhodzodzo chikangoyamba kudzaza, ngakhale pang'ono, agogo ankamva ululu m'munsi mwa mimba ngati wina waikapo khala la moto. Akataya madzi ululuwo unkachepa kwa kanthawi, kenako n'kuyambiranso, usana ndi usiku chimodzimodzi. Kukiliniki ankawapatsa mankhwala opha tizilombo, iwo n'kumaliza onse, osasintha. Mkodzo ukapimidwa, tizilombo osapezeka. Ena ankawayang'ana ngati akunama. Ine ndi amene ndinkawaperekeza, ndipo ndinaphunzira Lusaka monga iwo ankamudziwira: pamene pali chimbudzi, chimene chili chaukhondo, pamene kondakitala angalole kuti munthu atsike asanafike pa siteshoni.

Patapita zaka tinakumana ndi dokotala wachizimayi amene anakhala nafe pansi osayang'ana wotchi. Anati matendawa si opatsirana, si a manyazi, ndiponso si ongoganizira. Anafotokoza kuti thupi lili ndi asilikali ake amene amaitanizana pakalowa mdani. Akaitanizana, malowo amatupa, amatentha, ndipo mitsempha imadzuka n'kumanena kuti pano pakupweteka. Kwa anthu ena, anatero, asilikali a m'khoma la chikhodzodzo sasiya kuitanizana ngakhale mdani palibe. Khomalo limakhala lotupa ndi lanthete, mkodzo womwewo n'kumaliwawa, ndipo mitsempha ikazolowera kulira imayamba kulira ndi kanthu kakang'ono. Anavomera kuti chimene chimayambitsa zimenezi ngakhale iwo sanachimvetse chonse, ndi kuti mankhwala angochepetsa, sangachotse. Agogo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anaseka, koyamba kuseka m'chipatala. Anati anthu amenewo akuwadziwa. Ndi alonda a ku Kabulonga: mmodzi akaona mphaka pampanda amaliza wezulo, wa nyumba yotsatira amalizanso, agalu onse n'kuyamba, msewu wonse osagona, wakuba palibe. Kuyambira tsiku limenelo matendawo m'nyumba mwathu tinkangowatchula kuti alonda. "Lero alonda agwira ntchito," ankatero m'mawa, ine n'kudziwa kuti sanagone.

Anasiya tiyi, malalanje ndi zakumwa za m'botolo, chifukwa zinkawautsa alondawo. Kutchalitchi anachoka kutsogolo kumene amayi a bungwe amakhala, n'kupita pabenchi lomaliza, pafupi ndi khomo. Kenako anasiyiratu, chifukwa kudzuka pakati pa ulaliki, yunifomu ili m'thupi, anthu onse akucheuka, kunkawapweteka kuposa chikhodzodzocho. Amayi a bungwe anabwera kudzawaona kunyumba, ine ndilipo. Pakati pa pemphero agogo anadzuka n'kutuluka. Atabwerera, nyimbo isanathe anatulukanso. Anawaphikira alendowo tiyi koma iwo sanamwe nawo. Amayiwo anayang'anana. Anabweranso ulendo wina, zinachitikanso chimodzimodzi, ndipo sanabwerenso. Ndinawapempha agogo kuti angowauza, koma anakana. "Ndikauze amayi a mpingo kuti ndine nkhalamba yokodzakodza? Mawa lomwe nkhani idzamveka mpaka ku Lilayi kuti ndinatenga matenda a akazi oyendayenda." Yunifomuyo ankaichapa ndi kuisita mwezi ndi mwezi, n'kuibwezera m'chikwama cha pulasitiki pansi pa matiresi.

Kutayamba kuyera, kuseri kwa nyumba kunadzuka. Magetsi anali atapita usiku, ndiye chilichonse chinali cha pamoto. Mbaula zinayalidwa m'mbali mwa mpanda, madiramu a madzi anatelekedwa pa njerwa, ndipo patebulo amayi ankadula kabichi ndi mipeni imene aliyense anabwera nayo kwawo. Ophikawo ambiri anali Abemba. Ife a kum'mawa, ochokera cha ku Katete, ndi Abemba timachitirana chimbuya: pamaliro athu iwo ndi amene amagwira ntchito, amatinyoza, amatipaka ufa kumaso, ndipo palibe wololedwa kukwiya, pamaliro awo ifenso timabwezera. Wotsogolera anali mayi wina, Bana Mulenga, amene khoma la nyumba yawo ndi lomwelo la nyumba yathu.

Ndinalowa kuchipinda, ndikulumpha miyendo ya amayi ogona, n'kusolola chikwama chija pansi pa matiresi. Sindinkadziwa choti ndichite nacho. Ndinkangofuna chikhale m'manja mwanga. Potuluka Bana Mulenga anandiona.

"Shani, ba Dalitso, bamuna ba malemu! Mukazi wanu wakuthawani, manje muzakwatila ndani? Bwelani kuno."

Anandipaka ufa pamphumi ndi m'masaya, amayi ena akuseka, ndipo ndisanazindikire chikwama chinali m'manja mwawo. Anasuzumira mkati. Kenako anatulutsa duku loyera lija, analimanga pamwamba pa duku lawo, n'kuyenda molunjika kumene amayi apampando a bungwe anakhala pamphasa, kapu ya tiyi ili m'manja.

"Ba mayi, namvela ati iyi simuifuna. Manje ni yanga. Nizavala ku City Market pogulisa nsomba za kapenta."

Mipeni inaima patebulo. Amayi apampando, munthu wamtali wosakonda kukweza mawu, anaika kapu pansi.

"Bana Mulenga, chimbuya chili ndi malire. Zimenezo n'zopatulika."

"Zopatulika? Nanga uja enze kuzichapa mwezi na mwezi, kuziyanika kuseli kuti munthu asaone, enze ndani? Ine nagona khoma imodzi na uja mukazi zaka zonse izi. Siniziba chamene chenze kumudya, sininafunsepo. Koma uyu aziba." Anandiloza ndi chala chaufa. "Kamba, iwe. Lelo azapita na chitenge monga munthu wamene anathawa Mulungu, iwe uli chabe zii?"

Ine si munthu wolankhula pagulu. Agogo ankati ndinabadwa ndi maso, pakamwa anandipatsa mochita kukumbukira. Ndinaima pamenepo ufa uli kumaso, amayi onse akundiyang'ana, ndipo ndinaona bwinobwino kuti malumbiro awiri aja sindingawasunge onse. Komanso mwana wamwamuna sanena za m'munsi mwa mimba ya nkhalamba pamaso pa amayi akuluakulu. Amene anandimasula ndi agogo aang'ono, mng'ono wawo wa agogo, amene anafika pa basi kuchokera ku Katete ndipo kuyambira pamenepo sanalankhule ndi munthu. Anachotsa chitenje kumaso.

"Musiyeni anene. Lero uyu si mwana, ndi mwamuna wake. Za m'thupi mwa mkazi akapanda kunena mwamuna wake, anene ndani?"

Ndinapempha kuti tikakhale kuseri kwa mtengo wa mapeyala, anthu ochepa okha. Anabwera amayi apampando, agogo aang'ono ndi Bana Mulenga. Ndinanjuta pansi n'kuyamba, maso ali pa mizu ya mtengo. Ndinanena za khala la moto, za mankhwala osathandiza, za dokotala uja ndi asilikali oitanizana popanda mdani. Nditafika pa alonda a ku Kabulonga, Bana Mulenga anaseka kamodzi, mokweza, kenako anamasula duku lija kumutu, analipinda mosamala n'kulibwezera m'chikwama, misozi ikudontha pachibwano. Agogo aang'ono ankangogwedeza mutu, akunena chapansipansi kuti ngakhale ine mng'ono wake, ngakhale ine.

Amayi apampando sanalire. Anafunsa mafunso awiri okha.

"Tsiku lija anatuluka pakati pa pemphero, chinali chimenechi?"

Ndinati inde.

"Ndi tiyi uja?"

Ndinati inde.

Kenako anati lamulo si lawo okha, ayenera kuonana ndi amayi abusa ndi anzawo a komiti. Anadzuka, anakung'untha chitenje, n'kupita, osalonjeza kanthu. Ndinatsala pansi pa mtengo ndi chikwama changa, ndikumva ngati ndawavula agogo pagulu, ndipo mwina pachabe.

Dzuwa litatuluka anthu anayamba kuchuluka. Amayi a kumsika anafika pamodzi, akulira kuyambira pakona ya msewu, ndipo a m'nyumba anawayankha. Minibasi imene amalume anabwereka inaima pageti, kondakitala wake atavula chipewa. Panafikanso galimoto yaikulu ya magalasi akuda, n'kutulukamo bambo wa imvi amene anati agogo ankamusitira malaya a sukulu ali mwana ku Kabulonga. Anaima pakati pa bwalo osadziwa pokhala, mpaka Mbemba wina anamupatsa ndowa yogadabuza n'kumuuza kuti pano mabwana kulibe. Anakhalapo.

Kumochale tinapita ndi amalume, agogo aang'ono ndi amayi awiri a chibale, bokosi lili kumbuyo kwa galimoto. Tinapeza mabanja ena atafika kale, lililonse ndi bokosi lake, litaima m'mbali mwa khoma kumene dzuwa linkafika. Dzina la agogo litaitanidwa, amayi analowa kukasambitsa thupi, atanyamula beseni, sopo ndi diresi latsopano limene akazi awo a amalume anagula kutauni. Amuna salowa. Ndinatsala panja ndi chikwama chija m'khwapa, ndipo ndipamene ndinakumbukira kuti amayi apampando alibe nambala yanga. Ngati angaimbe, aimbira amalume, amene sankadziwa n'komwe zimene zinakambidwa pansi pa mtengo. Ndinawauza mwachidule kuti pali foni imene tikudikira. Anandiyang'ana ngati ndayamba misala ya maliro.

Chitseko chinatseguka pang'ono, agogo aang'ono n'kutulutsa mutu.

"Tiveke chiti?"

Ndinati adikire pang'ono. Foni ya amalume inalira, koma anali dalaivala wa basi, akufunsa njira ya kutchalitchi. Inaliranso, anali wa maluwa. Wogwira ntchito pamalopo anabwera mwaulemu n'kunena kuti pali ena pambuyo pathu. Mtsikana wina wa m'banja limene linali pambuyopo ankandiyang'ana, maso atatupa, ndipo ndinachita manyazi kuti ndikuchedwetsa malemu wawo.

"Dalitso, anthu ali kudikila, abusa ali na malilo ena masana," anatero amalume. Anagogoda pachitseko. "Amayi aang'ono, vekani diresi tizipita."

Agogo aang'ono anatulutsanso mutu. Anayang'ana amalume, anayang'ana ine.

"Tsitsi sindinapese. Manja anga ndi okalamba, mwanawe. Mkulu wanga sindingamuthamangitse ngati ndikutsuka mbale."

Anatseka. Ndikudziwa kuti tsitsi la agogo linali lalifupi, loti ukapesa kawiri watha. Iwo analipesa nthawi yaitali kwambiri. Mphepo inkazunguza mapepala pabwalo, amalume ankayenda uku ndi uku akuyang'ana wotchi, ndipo ine ndinayamba kuwalankhula agogo mumtima, kuwapepesa, kuwauza kuti ndayesa. Foni italiranso sindinacheuke n'komwe. Amalume anamvetsera, nkhope inasintha, n'kundipatsa. Anali amayi apampando, ndipo kumbuyo kwa mawu awo kunkamveka phokoso la amayi ambiri akulankhula nthawi imodzi.

"Mwanawe, avekeni zoyera zawo. Uwauze kuti duku amange mfundo kumbuyo, monga timamangira ife."

Ndinagogoda. Dzanja la agogo aang'ono linatuluka, ndinaikapo chikwama, ndipo chitseko chinatsekedwa. Ndinakumbukira kuti padukupo panali zala zaufa za Bana Mulenga, koma ufa pansalu yoyera suoneka.

Tinanyamuka pang'onopang'ono, magetsi a magalimoto akuphethira. Pa maloboti anyamata ogulitsa zinthu mumsewu anatsitsa katundu wawo mpaka titadutsa. Ine ndinali nditakhutira kale. Ndinkaganiza kuti agogo avala zoyera zawo ndipo amayi aimba ali m'zitenje, chifukwa ambiri anagona pamaliro ndipo mayunifomu anawasiya kwawo. Koma titakhota kulowa kutchalitchi ndinaona mizere iwiri yoyera, kuyambira pageti mpaka pakhomo.

Sikuti zonse zinali bwinobwino. Wina anavala bulauzi pamwamba pa chitenje, siketi itamusowa. Wina bulauzi yake inali yobwereka, manja atapinda. Ya mayi wina wachikulire inali isanaume kumsana, ndipo ankanjenjemera ndi mphepo koma sanafunde kanthu. Nditatsika ndinamva fungo la makala pa zovala zawo. Bana Mulenga, amene anaima kumapeto kwa mzere ndi chitenje chawo chamafuta, anandinong'oneza mmene zinayendera. Okhala pafupi anathamangira kunyumba. A ku Chelstone, ku Woodlands ndi ku Lilayi anaimbira ana awo, mayunifomu n'kubwera m'mapulasitiki pa miyendo ya makondakitala. Atafika anali okwinyika, magetsi kulibe. Bana Mulenga anakafukula nsimbi ya makala ya amayi awo, anaidzaza ndi moto wa pa mbaula yophikira nyemba, n'kusita mabulauzi onse patebulo la kabichi.

"Ise Abemba tasita mayunifomu ya ba kum'mawa. Muzatilipila na mbeba zingati?"

Ndinafunsa chimene amayi onsewo anauzidwa. Anati kupatula a komiti, enawo anangouzidwa kuti mnzathu ankadwala ndipo ife tinaona molakwa. Chinsinsi cha agogo chinali chitasungidwabe.

Amayiwo ndi amene ananyamula bokosi kulichotsa m'galimoto. Analandizana m'mizere ija, akuimba, mpaka analiika kutsogolo kwenikweni, pamene agogo ankakhala ndili mwana. Amalume anawerenga mbiri: kubadwa kwawo, ubatizo, ana amene anabereka ndi amene anawaika m'manda, mdzukulu amene anamulera. Pa za matenda anangoti anadwala nthawi yaitali mopirira, ndipo ponena mawu amenewa anandiyang'ana. Abusa analalikira mwachidule. Pa kuona nkhope ndinali m'gulu lomaliza, la achibale. Nkhope ya agogo inali yosalala, yopanda kakwinya kaja kamene kankakhala pakati pa nsidze zawo, kamene ndinakazolowera mpaka kuganiza kuti ndi mmene anabadwira. Duku linali litamangidwa mfundo kumbuyo. Bulauzi inali ndi mizere yowongoka m'manja, imene anasita okha.

Ulendo wa kumanda unali wautali. Patsogolo panali galimoto ya maliro, kenako ya achibale, mabasi, ndi lole ya amuna pambuyo. Amayi ankaimba m'basi mawindo ali otsegula, nyimbo n'kumatipeza zidutswazidutswa malinga ndi mphepo. Tinadutsa m'mphepete mwa mipanda yaitali ya ku Woodlands, alonda ataima pamageti awo, mmodzi anachotsa chipewa n'kuchigwira pachifuwa. Ndinapezeka ndikumwetulira, ndipo amalume anandiyang'ana modabwa.

Kumanda tinapeza maliro ena akuikidwa chapafupi, nyimbo zawo n'kumasakanikirana ndi zathu. Mphepo inali yamphamvu pamtetete paja, ndipo fumbi lofiira linkauluka kuchokera pa milu ya dothi. Posakhalitsa mabulauzi onse aja, ositidwa movutikira, anali atafiira m'mapewa, koma palibe amene anadzikung'untha. Bokosi linatsitsidwa ndi zingwe. Abusa anaponya dothi loyamba, ndipo amuna anayamba kulandizana mafosholo, Abemba akutinyoza kuti a kum'mawa timadziwa kukumba mbewa kokha, kukwirira ayi. Ndinagwirako fosholo pang'ono, wina n'kundilanda mwaulemu.

Pa nkhata za maluwa, woitana anatchula amalume, kenako agogo aang'ono. Atati tsopano adzukulu, mawu a Bana Mulenga anamveka kuchokera kumbuyo.

"Iyayi, mwalumpha! Bamuna bake bayambe!"

Anthu anaseka, ena akupukuta misozi. Ndinapita ndekha, ndinagwada, n'kubzala duwa langa kumutu. Dothi linali lozizira. Sindinalire pamenepo, ndinalira pambuyo pake, amayi a bungwe atazungulira manda onse, atagwada, n'kumaomba dothi pang'onopang'ono ndi zikhatho kuti likhazikike.

Tikubwerera ku mabasi, mayi wina wa komiti, wamfupi, amene ndinaona kuti m'tchalitchi anakhala kumapeto kwa benchi, anayenda pambali panga osandiyang'ana. Anafunsa chapansipansi kuti dokotala uja amapezeka kuti, chifukwa ali ndi mnzake amene amavutika chimodzimodzi. Ndinamufotokozera njira yonse, ndi minibasi yoyenera kukwera, ndi pamene pali chimbudzi chaukhondo munthu akatsika. Anagwedeza mutu n'kufulumira kukakwera.

Kunyumba tinasamba m'manja m'beseni limene linaikidwa pageti. Anthu anadya, anatsanzika m'magulumagulu, ndipo dzuwa likupendeka tenti inagwetsedwa. Mipando inabwerera m'nyumba, koma oibweza sanadziwe malo ake, ndiye chipinda chinkaoneka ngati cha eni ake ena. Amalume anati abwera mawa kudzakamba za m'banja. Bana Mulenga anasesa phulusa la pabwalo, anandiuza kuti ndisambe kumaso chifukwa ndikuopseza ana, n'kulowa kwawo. Agogo aang'ono anagona pabedi la mkulu wawo, nsapato zili kuphazi, ndipo ndinawavula n'kuwafunditsa bulangete. Magetsi anali asanabwere. Ndinakhala pabalaza, kunja kukuda pang'onopang'ono, ndikumva ana akusewera mpira kumsewu ndi wailesi ya batire ya nyumba yachitatu.

Wina anaodira pakhomo lakutsogolo. Anali amayi apampando, akadali m'bulauzi yawo yofiira ndi fumbi. Ndinawapempha kuti alowe koma anakana, anati minibasi za kwawo zimavuta kukada. M'manja anali ndi pulasitiki yakuda. Anaitsegula n'kutulutsa katsamiro kakang'ono, kokutidwa ndi chitenje chakale, kophwatalala, kokhala ndi dzenje pakati losokedwa dala kuti wokhalapo asapsinje pamene pakuwawa. Sindinakaonepo chiyambire, koma kasokedwe kake ndinakadziwa, chifukwa ndi komwe kali pa zigamba za mayunifomu anga onse a sukulu.

"Kanatsala pabenchi lomaliza," anatero. "Takhala tikukasunga m'kabati ya kutchalitchi zaka zonsezi. Tinkati n'kunyada kwa ku Kabulonga, kuti mabenchi athu sawakwanira."

Anakasisita kamodzi ndi chikhatho, ngati akuchotsa fumbi.

"Amene ndinayamba kunena zimenezo ndine."

Anakaika m'manja mwanga ndi manja awiri, atapinda bondo pang'ono monga amachitira kwa mwamuna wa malemu. Kenako anatembenuka, anakoka geti n'kulitseka bwinobwino, n'kulowera kumsewu.